Kuganiza pawekha si kungotsutsa aliyense

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mawu omwe afala masiku ano, oti "ine ndimaganiza pandekha". Mawuwa ndawamva kwa mlamu wanga mwezi wathawu atasiya kumwa mapilisi a BP omwe adokotala anamupatsa, eti waonera mavidiyo pa YouTube ndiye wazindikira kuti mankhwalawo ndi bizinesi chabe, iye si nkhosa yongotsatira zinzake. Amalankhula zimenezi foni ili m'manja, dzanja linalo akutikita pachipumi, akuti mutu ukuwawa koma nkutopa basi, ine mtima unandipweteka chifukwa munthuyu ndi wanzeru ndithu komanso ndimamukonda.

Mantha akewo ali ndi pogwira, sindikana. Anthufe timatengeka ndi gulu heve. Mu 1951 katswiri wina ku America, Solomon Asch, ankaika munthu mmodzi m'chipinda pamodzi ndi ena omwe anali atapangana kale, nkuwaonetsa mizere pa khadi kuti anene woti ukufanana kutalika ndi unzake ndi uti, funso loti olo mwana angakhoze. Opangana aja amanena dala yankho lolakwika, ndipo pafupifupi anthu atatu mwa anayi aliwonse anagonjapo kamodzi kapena kuposa, kukana zomwe maso awo akuona. Inenso ndinachitapo zomwezi pa miting'i kuntchito, ndikuona kuti manambala omwe abwana akuwerenga sakugwirizana koma ndinangogwedeza mutu poti aliyense anali zii. Chondigwira mtima pa kafukufuku uja nchoti akangopezeka mmodzi yekha wonena zoona m'chipindamo, ogonja aja amachepa kwambiri. Munthu wolimba mtima kunena zomwe akuona amamasula ndi anzake omwe, ameneyo timamufuna.

Koma otsutsa gulu sali ofanana onse. Kale madokotala ambiri ankati zilonda za m'mimba zimabwera chifukwa cha nkhawa ndi asidi wochuluka. Barry Marshall ndi mnzake Robin Warren ku Perth, Australia, anati ayi, kuli kachilombo, Helicobacter pylori, ndipo ambiri sanawamvere. Mu 1984 Marshall anachita kumwa madzi okhala ndi tizilomboto, patangopita masiku ochepa anadwala, atamuyeza anapeza m'mimba mwatupa ndipo tizilombo tija tilimo. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Taonani bwino apa, anthuwa anali atatha zaka akuyang'ana zoyeza za odwala, ankadziwa bwinobwino zomwe anzawo amakhulupirira ndi chifukwa chake, ndipo maganizo awo anawaika poyera poti aliyense ayese, akanakhala olakwa zikanaoneka pompo.

Ndiye pali Thabo Mbeki, munthu wophunzira, wokonda kuwerenga, nayenso anakana kungotsatira zonena ambiri. Ali pulezidenti wa South Africa anatengeka ndi anthu okayikira zoti HIV ndi yomwe imayambitsa Edzi, mu 2000 anaika ena mwa iwo monga Peter Duesberg mu komiti yomulangiza, ma ARV anachedwa kufika kwa odwala, ndipo akatswiri a ku Harvard mu 2008 anawerengera kuti anthu oposa 330,000 anamwalira pakati pa 2000 ndi 2005 omwe akanapulumuka. Nzeru anali nazo, kulimba mtima analinso nako, koma matenda sanali ntchito yake ndipo umboni utachuluka anachedwa kuugonjera.

Malire ake ali pamenepo. Palibe munthu angafufuze yekha chilichonse, ukakwera ndege injini suyiyeza wekha, ukamwa mankhwala sunakhalepo mu labotale, moyo wonse timadalira zomwe anapeza ena, ndiye nzeru zako zimagwira ntchito posankha woti umukhulupirire, kodi ameneyu nkhaniyi amaidziwadi, akalakwa amavomera, nanga ine ndikamumvera iye apindula chani. Mlamu wanga akuti wasiya kutsatira gulu koma zoona zake wangosintha womumvera, wachoka kwa dokotala yemwe anamuyeza nkupita kwa munthu wa mu vidiyo yemwe sanamuonepo, ndipo YouTube ukaonera vidiyo imodzi imakubweretsera zina zofanana nayo mpaka umayamba kuona ngati dziko lonse likugwirizana nawe.

Sabata yatha ndinamufunsa kuti alamu, tsono nchiyani chomwe mutachiona mungavomere kuti mwalakwitsa? Anakhala chete kanthawi, kenako anati akaona manambala ndi maso ake. Tagwirizana kuti Loweruka lino ndimuperekeze akayezetse BP, ndipo mafunso onse omwe ali nawo pa mapilisi aja awalembe pa pepala akawafunse adokotala pamaso.

Ndine,
Wowerenga wanu