Kwa eni sitolo: bwezani madola anga 185, octopus alibe chikwama

Ndalemba pano poyera chifukwa mauthenga anga mukuwawerenga, ndikuona, koma kuyankha ayi. Ndiye tiyeni tikambirane anthu akumva.

Masabata atatu apitawo, kaya anayi, tsiku ndaiwala koma lisiti ndili nalo, ndinagula kwa inu zamoyo ziwiri zoweta m'thanki ya madzi amchere: clam (nkhono ya m'nyanja ya zigoba ziwiri) ya mtundu wa Tridacna maxima pa madola 185 ndi octopus (nyama ya m'nyanja ya mikono isanu ndi itatu) wamng'ono pa madola 70. Zonse pamodzi 255. Ndisanatulutse ndalama ndinafunsa mnyamata wanu wa pakauntala, wa mahedifoni m'makutu uja, funso limodzi lokha: kodi ziwirizi zingakhale m'thanki imodzi? Iye, maso ali pafoni, anati, "Palibe vuto mayi, bola octopus azikhuta."

Mbali yanga ndinachita. Thanki yanga si yatsopano, yatha chaka ikuyenda. Mchere, kutentha kwa madzi ndi kashiamu, zonse zili pa mlingo woyenera clam. Nyali ndi yamphamvu, poti maxima imakhalira tindere tating'onoting'ono ta m'mnofu wake timene timaipangira chakudya pakakhala kuwala. Mankhwala a kopa, amene ndi poizoni kwa clam, sanalowepo m'madzi amenewa. Ndipo clam ija inakhazikika, abale anga. Inadzimata pamwala ndi timaulusi take ta kunsi, n'kutambasula mnofu wabuluu wamawangamawanga mpaka kuphimba milomo ya chigoba. Ukadutsitsa dzanja pansi pa nyali, mthunzi ukangoigwera, inkadzikoka n'kutseka msangamsanga. Clam yathanzi imatero. Ine m'mawa uliwonse ndinkaiseweretsa choncho ngati mwana.

Octopus naye ndinkamupatsa nkhanu madzulo alionse. Ankakhuta ndithu, monga mwa malangizo a katswiri wanu. M'mawa wina ndikuyatsa nyali, pamwala paja palibe kanthu. Chigoba ndinachipeza pakhomo pa phanga lake, chili yasa, m'kati mwayera mbee ngati mbale yotsuka, chitaunjikidwa pamodzi ndi zigoba za nkhanu za dzulo ndi dzana.

Ndinakawerenga pambuyo pake kuti nkhono za zigoba ziwiri ndi chakudya cha octopus kunyanja komwe. Amazikanula ndi mikono, ikakanika amaboola chigoba n'kuthiramo malovu aululu ofooketsa nyamayo. Inde, wina pansipa alemba kuti ndikanawerenga ndisanagule. Ndavomera. Koma ndinafunsa munthu amene mumamulipira kuti adziwe zimenezi.

Chandipweteka kwambiri si clam. Ndinaimba foni, mayi wina anandiuza mwaulemu kuti ndibwere ndi chigobacho ndi lisiti, abwana adzakhalapo. Ndinapempha tchuthi kuntchito, n'kuyenda maola awiri. Kufika, abwana kulibe, "atuluka pang'ono". Ndinaima pakati pa matanki anu mphindi 40 ndi chigoba m'kapepala ngati munthu wopemphetsa. Kenako mnyamata yemwe uja anabwera, anatenga chigobacho, kuchitembenuza uku ndi uku, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Anaseka onse awiri. Ndiye akuti, "Mayi, wadya clam ndi octopus, si ife. Kamuuzeni iyeyo akubwezereni ndalama." Pamaso pa makasitomala ena, mwana woti ndikhoza kumubereka! Nditamukumbutsa mawu ake a tsiku lija anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti sanandionepo, n'kundilozera kachikwangwani kakuti zamoyo sizibwezedwa. Anabwezera mahedifoni m'makutu ine ndikulankhula.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthabwala imeneyi. Ndafika kunyumba ndamufunsa octopus, wangosintha mtundu n'kulowa m'phanga. Zikuoneka kuti naye anaphunzitsidwa kusamala makasitomala kwanu komweko.

Anthuni, ndiuzeni ngati ndikulakwa. Palisiti panangolembedwa kuti octopus, basi. Mtundu wake mnyamatayo sakuudziwa, msinkhu wake sakuudziwa. Chonsecho ambiri mwa ma octopus osungidwa m'matanki amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo wamkazi akaikira mazira amasiya kudya, n'kufa mazirawo akaswa. Ndiye ngati anagwidwa kunyanja ali wamkulu kale, madola 70 anga ndagula miyezi ingati? Za chivindikiro cha thanki sanatchule n'komwe. Nyama imeneyi cholimba m'thupi mwake ndi mlomo wokha, mpata umene mlomowo ungalowe thupi lonse limadutsa. Usiku wachiwiri ndinamupeza mikono itatu ili kale kunja, pa kampata ka paipi ya fyuluta. Ndipo kuli octopus wina wamng'ono wa mizere yozungulira yabuluu, ululu wake ndi tetrodotoxin, ulibe mankhwala ouletsa. Munthu wosasiyanitsa mitundu, tsiku lina ameneyo akadzabwera m'katundu wanu, adzamuika m'pulasitiki n'kupatsa bambo wa ana ang'onoang'ono akuti palibe vuto.

Tsono abwana, poti mumatuluka pang'ono nthawi zonse, werengani pano. Ndikufuna madola 185 a clam yanga. Osati theka, osati kandalama kodzagulira zina m'sitolo mwanu, chifukwa phazi langa silidzapondamonso. Octopus ndimusunga, iye sanandinamize, ndipo 70 yake sindikuifuna. Za mafuta a galimoto ndi tsiku langa la ntchito ndakukhululukirani. Ndikufunanso mnyamata uja andipepese ndi pakamwa pake pomwe anasekera paja.

Ndinakhala chete nthawi yonseyi poganiza kuti ndinu anthu. Likafika Lachisanu ndalama isanalowe, chithunzi cha chigoba, cha lisiti ndi mauthenga onse amene mwawerenga osayankha ndiziika m'magulu onse a osunga matanki a madzi amchere amene ndilimo, pa Facebook ndi pa WhatsApp pomwe. Ndikasuma ku bungwe loteteza ogula. Ndipo pali china. Ma clam onse a Tridacna ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakuthengo, sawoloka malire a dziko popanda chilolezo. Tsiku logula ndinafunsa ngati clam yanga inali yoweta kapena yochotsedwa kunyanja, mnyamata wanu anangokweza mapewa. Sindikunena kuti mapepala mulibe. Ndikungoti a zanyama zakuthengo akadzabwera kudzawaona, muwapatse mpando, asadzaime mphindi 40 ngati ine.

Chigoba chija ndinachitenga, chili pawindo. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija simukuyankha.