Amwene, galimoto ija ndiye ayi

Birmingham, Lamlungu usiku

Amwene,

Kalata yanu yafika Lachinayi m'chikwama cha Mai a Chisomo, pamodzi ndi usipa ndi nsinjiro. Usipawo wanunkhiritsa envulopu yonse, moti ndikaitsegula ndikumangoona ngati ndaima pamsika wa Limbe. Mundithokozere alamu. Nsinjirozo zatsala pang'ono kutha, ana adya zotendera masiku atatu otsatizana.

Ndaseka nditaona kuti masamba awiri athunthu mwadzaza moni, nkhani yeniyeni n'kuibisa pamzere womaliza ngati mnyamata wamanyazi pofunsira mbeta. Kuyambira kusekondale ndinu otero, kupempha shuga mumayambira kufunsa za agogo. Mwati galimoto yanga ndikatopa nayo ndisaiwale abale. Ndikadayankha pa WhatsApp, koma yankho langa ndi lokana, ndipo kukana kwa pafoni kumapweteka. Ndiye ndakhala pansi ndi pepala.

Musaganize kuti ndikukumanani. Kutopa nayo ndiye ndatopa nayo kalekale. Kuyambira June 2021, galimoto ya dizilo yakale ngati yangayi, ya 2012, ikalowa pakati pa mzinda uno imalipira mapaundi 8 patsiku. Mwa agogo omwe ndimasamalira, atatu amakhala mkati mwa malirewo. Sabata imodzi mapaundi 40 apita, ndisanagule n'komwe mafuta. Ku London anzathu akulipira 12.50, ndipo kuyambira Ogasiti 2023 lamulolo lakuta mzinda wonse. Mavuto wagulitsa yake ndi misozi.

Ndi Mavuto yemweyo amene anandiperekeza kokagula mu 2014. Nthawi imeneyo aliyense ankati gula ya dizilo. Msonkho wa pamsewu unali wotsika, chifukwa kuyambira 2001 boma lakuno linkauwerengera potengera mpweya wa CO2, ndipo dizilo amatulutsa wocheperako poyerekeza ndi petulo. Thanki imodzi inkandifikitsa ku Glasgow. Ndinkayenda modzitukumula kuti ndagula chinthu chanzeru, chaukhondo.

Kenaka mu Seputembala 2015 kunaphulika nkhani ya Volkswagen. Yanga si ya kampani imeneyo, koma nkhaniyo ndi imene inandichotsa tulo ta dizilo. Sindikudziwa ngati kumeneko munaitsata bwino, poti nthawi imeneyo mutu wanu unali pa zomanga nyumba. A Volkswagen anaika pulogalamu mu kompyuta ya injini yoti izizindikira kuti tsopano ikuyesedwa. Poyesa utsi, galimoto amaiimika pa zigudumu m'chipinda, mateyala akuzungulira koma chiwongolero chili phee. Ikazindikira zotero, injini inkadzichepetsa n'kutulutsa utsi wovomerezeka. Ikangotuluka panja n'kugwira msewu, mpweya woipa uja amautcha NOx unkakwera, mwa zina mpaka maulendo 40 kuposa malire a ku America. Mukukumbukira ndowa ya bambo uja ankagulitsa chimanga pa Lunzu, yomwe anaiphwanya kunsi kuti izioneka yodzaza? N'chimodzimodzi, kungoti ndowa iyi anaipanga ndi mainjiniya ophunzira, n'kuiika m'magalimoto 11 miliyoni padziko lonse. Kuno kokha analipo pafupifupi 1.2 miliyoni.

Chimene chimandikhudza n'chakuti owagwira sanali apolisi. Anali anthu ochepa a pa yunivesite ya West Virginia omwe anangomangirira makina oyezera kumbuyo kwa galimoto n'kuyenda nayo pamsewu weniweni. Basi. 

Tsono onani mmene chipukuta misozi chinayendera. Ku America kampaniyo inavomera mlandu, inagwirizana zopereka madola 14.7 biliyoni mu 2016, ndipo eni magalimoto anapatsidwa mwayi wobweza galimoto n'kulandira ndalama, kuwonjezapo madola osachepera 5,100 aliyense. Magalimoto obwezedwawo anawaunjika zikwizikwi m'chipululu ku California ndi pabwalo lakale la mpira ku Michigan, ndinaona zithunzi zake. Mkulu wa kampani, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo patangopita masiku asanu nkhani itatuluka, ndipo bwana wina, Oliver Schmidt, anamulamula kukhala kundende zaka 7. Kuno anthu anangolandira kalata yoti bweretsani galimoto kugalaja tisinthe pulogalamu. Anadzikokera okha kukhoti. Mu 2020 khoti lalikulu linanena kuti inde, pulogalamuyo inali yozembera mayeso, ndipo mu Meyi 2022 kampani inavomera kupereka mapaundi 193 miliyoni kwa anthu 91,000, popanda kuvomera kulakwa. Gawani nokha, inu a masamu. Mapaundi 2,000 ndi kanthu pamunthu, oyendetsa mlandu asanatapepo zawo, patatha zaka pafupifupi 7. Injini yomweyo, chinyengo chomwecho, koma mtengo wa munthu ukusiyana malinga ndi komwe akukhala. Nanga amene anagula galimoto yomweyo itatsika m'sitima ku Dar es Salaam, ndani anamulembera kalata?

Masiku ano foni yanga sipuma. Mauthenga a maloya, akuti ngati munali ndi galimoto ya dizilo ya zaka zakutizakuti mwina muli ndi ndalama zanu, poti milandu yafalikira kumakampani ena, ngakhale iwo akukana. Fomu ina ndinayamba kudzaza, ndinalekezera pomwe ankafuna manambala a m'bulubuku yakuno. Mai a Tadala akuti ndimalize, ndalama ndi ndalama. Akunena zoona. Koma dzanja limalemera, chifukwa chimene chikundisautsa si ndalama.

Ndi Tadala, amwene.

Mukudziwa kuti ali ndi mphumu. Kampope kake sikachoka m'chikwama cha kusukulu, kena kamagona pansi pa pilo. Nyumba yathu yakale ija, yomwe munkaiona pavidiyo, galimoto ndinkaiimika pansi pa zenera la chipinda chake. Nyengo yozizira ndinkadzuka 5 koloko, kuliza injini, n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi uku madzi oundana pagalasi akusungunuka. Mphindi khumi, nthawi zina kuposa. M'mawa uliwonse, zaka zinayi. Zenera lija silinkatsekeka bwino, ndinauza mwini nyumba kangapo konse koma sanabwere. Mwana ali mtulo pamwamba, ine pansi ndikumufukizira.

Adokotala akuti mphumu imadza ndi zambiri, chinyontho cha m'makoma, fumbi, kuzizira, mtundu. Akuti ndisadziweruze. Ndimawamva, ndipo masana ndimawakhulupirira. Usiku akayamba kulira pachifuwa ngati kamwana ka mphaka, ndimawerenga m'mawa uja umodziumodzi. Kuno kunali mtsikana wa zaka 9 wa ku Lewisham, ankakhala pafupi ndi msewu waukulu, anamwalira ndi mphumu mu 2013. Mu 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa yake, koyamba m'dziko lino kulemba zotero. Chithunzi chake chikaoneka pa TV ndimatuluka m'chipinda. Tadala akwanitsa zaka 9 mu Febuluwale.

Ndiye mukuti ndiikweze sitima ibwere ku Chilomoni. Muiimike pabwalo paja, pakati pa khitchini ya alamu ndi zenera la anyamata, chifukwa malo ena palibe, ndikupadziwa. M'mawa uliwonse muziiliza kuti itenthe, monga mumachitira ndi chilichonse chokhala ndi injini. Ndikukuonani kale mukuseka, mukuti mnzathuyu wasanduka mzungu, maminibasi a mu Chipembere Highway akufuka ngati uvuni wa njerwa iye akudandaula za kagalimoto kosaoneka n'komwe utsi. N'chimenecho chikundiopsa. Utsi wakuda umauona, umatseka mphuno, umakokera mwana kumbali. Uwu suoneka. Galimoto imanyezimira, mkati mukununkhira bwino, pepala likuti zonse zili m'malo. Ine pepala la utsi ndinasiya kulikhulupirira mu 2015, ndipo sindingakupatseni chinthu chomwe ine mwini sindidziwa chimene chimatuluka kumbuyo kwake.

Ngakhale tisiye za chifuwa. Ili ndi sefa yogwira mwaye ku ekizozi, yomwe imatsekeka ukamayenda maulendo afupiafupi, ndipo ikatsekeka galimoto imakana kuthamanga. Chaka chatha inandigwetsa mapaundi omwe sindifuna kuwakumbukira. Kumeneko Yohane adzangoidula sefayo n'kuwotcherera paipi, ndimamudziwa, ndipo adzakuuzani kuti wakuchitirani chifundo. Kuwonjezapo sitima, kuitenga kudoko, msonkho wa pachipata, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mudzanditukwana chaka chisanathe, ubale n'kuthera pa galimoto.

Vuto n'lakuti sindikudziwa koipititsa. Ndinaiika pamalonda, woyamba kuimba anali bambo wina amene anati amagula zoterezi n'kumazitumiza kwathu ku Africa, osanena dziko. Anabwera ndi ndalama m'thumba. Ndinamuuza kuti ndaganiza kaye. Ndikukanizani inu kenaka ikafukire ana a munthu wina amene sindidzamuona? Ophwanya magalimoto akupereka ndalama yosakwana ngakhale mateyala anayi. Ndiye ili panjapo, mawa ndiikweranso, ndilipirenso mapaundi 8 aja. Kungoti masiku ano ndimaiimika kumapeto kwa msewu, galasi ndimapala ndi manja.

Ndikanaiwala. Mapepala okhalira kuno mpaka kalekale aja anatuluka mwezi watha, ndipo Mai a Tadala ndi oyembekezera, akuti Epulo. Musauze kaye anthu, makamaka a Nachisale, mukudziwa kuti ikafika kwa iwo yafika mudzi wonse. Za chiliza cha bambo ndamva, nditumiza gawo langa malipiro akalowa, koma simenti mugule nokha, musatume Gift.

Za galimoto tichite chonchi. Pezani ya petulo yaing'ono, zochokera ku Japan zija zadzaza m'tauni, zomwe zipangizo zake zimapezeka pa Ndirande pomwepo. Ine ndiponyapo kangachepe ndikagulitsa kapena kuphwanyitsa inoyi. Musakwiye. Mukakwiya mulembe, musangokhala chete ngati nthawi ya njinga ija, miyezi itatu osandiyankhula chifukwa cha tcheni.

Pepala latsala mizere iwiri ndipo ndilowa ntchito 6 koloko. Ndimafunanso ndikufunseni za denga, ngati malata aja anapirira mvula yoyamba, komanso mnyamata wanu wamkulu, paja munati nayenso usiku amatsokomola, kodi munapita naye ku

Dikirani, Tadala wadzuka.