Kuntchito amanditcha "Malawi" m'malo mwa dzina langa

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 34 wochokera ku Mulanje, ndipo ndakhala kuno ku Johannesburg zaka 6 tsopano. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Randburg, ndipo mapepala anga onse ondiloleza kugwira ntchito m'dziko muno ali m'malo mwake. Ndakulemberani chifukwa pali zinthu zimene zikundidya mumtima, koma ndikati ndizifotokoze zimaoneka zazing'ono moti ndimasowa poyambira.

Palibe amene ananditukwanapo kapena kunditcha kwerekwere, dzina lonyozera anthu obwera kuchokera m'maiko ena, pamaso panga. Chimene chimachitika n'chakuti anzanga ena satchula dzina langa, amangoti "Malawi, bwera kuno," ponena kuti dzinalo ndi lovuta, chonsecho maina a makasitomala athu a ku Ulaya amawatchula bwinobwino. Tikakhala pa msonkhano timayamba m'Chingerezi, koma ikafika nkhani yofunika kugamula amatembenukira ku Chizulu, chimene ine ndimangomva patalipatali, kenaka n'kundiuza kuti zatha. Tsiku lina nditatenthetsa nsima ndi usipa m'khitchini ya ku ofesi, mayi wina anatsegula mawindo onse osanena kanthu, ena n'kumayang'anana akumwetulira. Kuyambira tsiku limenelo ndimadya ndekha m'galimoto.

Chimene chinandipweteka koposa chinachitika mwezi wathawu. Ndinapeza cholakwika m'mabuku chimene chikanatayitsa kampani ndalama zambiri, ndipo bwana anandiyamikira pagulu ndi mawu akuti: "Mwaona, ndi chifukwa chake timawakonda Amalawi, amagwira ntchito osadandaula." Asanamalize n'komwe, bambo wina anandifunsa ngati ndili ndi mchimwene woti azikamusamalira maluwa kunyumba kwake. Onse anaseka, ndipo inenso ndinaseka nawo, koma nditafika kunyumba ndinalira. Sindinyoza ntchito ya m'munda wa maluwa, chifukwa abale athu ambiri amene amaigwira kuno ndi amene akuphunzitsa ana kumudzi. Chimene chinandiwawa n'chakuti ngakhale pa tsiku limene ndinachita bwino, munthuyo sanaone luso langa, anangoona dziko limene ndimachokera. Ndipo kuyamikira kwa bwana kuja kunandimanga pakamwa, pakuti ndikadandaula lero ndiye kuti ndasiya kukhala Mmalawi wabwino amene amamukonda.

Amuna anga amandiuza kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndingopirira. Iwo anali ku Alexandra mu May 2008 pamene ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira komweko n'kufalikira madera ena, anthu 62 n'kutaya miyoyo, choncho kwa iwo nkhani ya mawindo ndi dzina si nkhani. Ndimawamvetsa, komabe ine ndayamba kusowa tulo Lamlungu usiku, ndipo pa misonkhano ndinasiya kupereka maganizo.

Ndinawerenga kuti khalidwe lotere limatchedwa microaggression, mawu amene anayambitsa dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Chester Pierce, mu 1970, pofotokoza chipongwe chobisika chimene chimabwerezedwa tsiku ndi tsiku. Ndikudziwanso kuti lamulo la Employment Equity Act la 1998 limaletsa tsankho kuntchito chifukwa cha mtundu kapena chilankhulo cha munthu, kuti mu March 2022 boma linatulutsa ndondomeko yothana ndi kuzunzana kuntchito, komanso kuti nkhani ya tsankho imayenera kufika ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi owalemba ntchito pa mikangano yawo, pasanathe miyezi 6 chichitikireni. Koma ndikapita kumeneko ndikanena kuti chiyani? Kuti munthu anatsegula mawindo?

Sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti amandilasa. Ndayamba kulemba m'kope tsiku, mawu ndi anthu amene analipo, koma kopelo lili m'chikwama, palibe amene ndamuonetsa. Chonde ndithandizeni: kodi ndiyambe ndi kulankhula ndi munthu aliyense payekha, kapena ndipite kwa oyang'anira antchito? Nanga bwana amene amaganiza kuti anandiyamikira, ndingamuuze ndi mawu otani kuti anandipweteka, popanda kuika pachiswe kontrakiti yanga imene ikuyenera kuonjezeredwa chaka chamawa?

Ine wanu,
Mayi wodandaula, Johannesburg