Kuchulukitsa mayina m'Chingerezi sikuthera pa kuphatika "s"

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi aphunzitsi a Chingerezi komanso makolo amene ana awo akukonzekera mayeso a MANEB. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, koma ana ambiri amataya malikisi pa kanthu kooneka kochepa: kusiyanitsa dzina la chinthu chimodzi, la zinthu zambiri ndi la unyinji.

Lamulo limene ana amaloweza ndi lakuti phatika s kumapeto, book ikhale books. Mayina othera s, sh, ch ndi x amatenga es: buses, churches, boxes. Y akatsatira lembo lopanda liwu amasanduka ies, monga baby, babies, pomwe day imangokhala days. Knife ndi leaf zimapereka knives ndi leaves, koma roof ndi chief zimangoti roofs, chiefs. Men, children, teeth ndi feet n'zoloweza basi. Izi sizivuta, ndipo m'kalasi zimadyera nthawi yambiri kuposa yoyenera.

Vuto lagona pa mayina osawerengeka. Ife timati malangizo, zipangizo, mipando, zonse m'gulu la zambiri, ndiye mwana akamalemba amatenga kaganizidwe komweko n'kulemba advices, equipments, furnitures. Si ana okha, mawuwa timawaona ngakhale pa zikwangwani za masitolo ndi m'makalata ofunsira ntchito. Advice, equipment, furniture, luggage ndi information satenga s, satenga a kapena an, ndipo mneni wake ndi wa chinthu chimodzi: "The equipment is new." Ukafuna kuwerenga umabwereka dzina lina lowerengeka, a piece of advice, three items of furniture. Madikishonale a ophunzira amalemba U pambali pa mayina otere ndi C pa owerengeka, ndipo mwana wodziwa kuwerenga zilembo ziwirizi amadzikonza yekha. News ndi mathematics zili ndi s koma n'za chimodzi: "The news is good." Trousers ndi scissors zimatenga are nthawi zonse, ndiye buluku limodzi ndi a pair of trousers.

Mayina aunyinji, monga team, committee, family ndi government, amasokoneza ndi aphunzitsi omwe. Chingerezi cha ku Britain chimalola mneni wa chimodzi kapena wa zambiri malinga ndi tanthauzo, pomwe cha ku America chimakonda wa chimodzi. Gulu likachita chinthu monga thupi limodzi timati "The committee has made its decision." Mamembala akamachita aliyense zake timati "The committee are arguing among themselves." Cholakwika n'kusakaniza m'chiganizo chimodzi, kuyamba ndi has n'kumaliza ndi their. Kwa wolemba mayeso ndimalangiza kugwiritsa mneni wa chimodzi, pokhapokha chiganizo chikusonyeza poyera kuti anthuwo agawanika. Police, cattle ndi people alibe mwayi wosankhawo, n'ngazambiri basi, ndipo apa Chichewa chimatithandiza, poti nafenso timati "apolisi afika", "The police have arrived." Wogwira ntchito mmodzi si a staff, ndipo khumi si ten staffs. Ndi a member of staff, ten members of staff.

Palinso cholakwika chobadwa mu ulemu wathu. Mwana woleredwa bwino amati "abambo abwera", "aphunzitsi akudwala", ndipo sangayerekeze kuti "wabwera" pa munthu wamkulu. Akafika pa Chingerezi amalemba "My father have come", kapena kunena mphunzitsi mmodzi kuti they. Kumukwapula ndi cholembera chofiira osamufotokozera n'kumulakwira, chifukwa iye akuona kuti has ndi mwano. Auzidwe momveka kuti Chingerezi sichichulukitsa munthu pofuna kumulemekeza. Mfumu, bishopu, ngakhale pulezidenti, onse ndi he is kapena she is, ndipo ulemu umaonekera m'mawu ena monga sir, madam ndi please.

Pempho langa kwa aphunzitsi n'lakuti ayambire pa chimene mwana akudziwa kale. Lembani pabolodi "nyumba yagwa" ndi "nyumba zagwa", mufunse kuti tadziwa bwanji kuchuluka kwake pomwe dzina silinasinthe. Ayankha okha kuti mneni ndiye waulula. Pansi pake lembani "The sheep is eating" ndi "The sheep are eating." Kenako apatseni ziganizo zazitali kuti adule mzere pansi pa dzina lenileni lolamulira mneni, monga "One of my friends is ill" ndi "The box of matches is wet", chifukwa ambiri amakopeka ndi dzina loyandikana ndi mneni n'kulemba are.

Mphunzitsi wa Chingerezi,
Zomba