Kwa mwana wanga amene ali ku Israel: za Iran ndi bomba la nyukiliya

Zomba, 12 Okutobala 2025

Wokondedwa mwana wanga Mphatso,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi anzako onse a pafamupo. Kuno tili bwino, ndipo mayi ako akupereka moni. Ndasankha kukuyankha ndi kalata chifukwa funso limene wandifunsa, lakuti usainenso kontirakiti ina kapena ubwerere kumudzi poopa dziko la Iran, si loyankha mothamanga pa WhatsApp. Ndaonanso kuti m'mauthenga ako mwasakanikirana zinthu ziwiri, mantha amene ali ndi maziko ndi mkwiyo umene walunjika polakwika, ndipo ndikufuna kuti tizilekanitse.

Sindikuuza kuti usaope. Boma limene Ayatollah Khomeini anakhazikitsa ku Iran mu 1979, atagwa Shah Mohammad Reza Pahlavi, silinavomerezepo kuti Israel ndi dziko loyenera kukhalapo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akufuula pamisonkhano ya boma mawu ofunira imfa America ndi Israel. Mahmoud Ahmadinejad ali pulezidenti, mu Disembala 2006, boma lake linachititsa msonkhano ku Tehran umene unasonkhanitsa anthu okana zoti Ayuda anaphedwa mwaunyinji m'nthawi ya Hitler. Mu 2015 mtsogoleri wamkulu Ali Khamenei ananena kuti Israel sadzakhalapo pakadzatha zaka 25, ndipo patapita zaka ziwiri mumzinda wa Tehran munaikidwa wotchi yowerengera masiku otsala kuti chaka cha 2040 chifike. Pali anthu ophunzira amene amati zonsezi ndi ndale za pakamwa zongosangalatsa otsatira, koma ine sindigwirizana nawo, chifukwa boma lomwelo lakhala likupereka ndalama ndi zida kwa Hezbollah ku Lebanon, kwa Hamas ku Gaza ndi kwa a Houthi ku Yemen, ndipo mu Epulo 2024 linaponya lokha ku Israel mizinga ndi ma drone oposa 300. Za nkhondo ya Israel ndi Iran ya mu Juni chaka chino suyenera kuuzidwa ndi ine, popeza masaireni unawamva ndi makutu ako.

Komabe mawu oopseza ndi bomba la nyukiliya ndi zinthu zosiyana, ndipo kuti uweruze bwino uyenera kudziwa chimene akatswiri amayeza. Undilole ndibwerere pang'ono ku ntchito yanga yakale yophunzitsa sayansi. Uranium wokumbidwa pansi, ngati uja wa ku Kayelekera ku Karonga, sangaphulitse chilichonse monga alili. Mwa tinthu take 1,000, tinthu 7 tokha ndi ta mtundu wa U-235 umene umatulutsa mphamvu, ndipo 993 totsalato tili ngati madeya pamene mayi ako akupeta mphale. Makina otchedwa centrifuge amazunguza uranium mothamanga kwambiri n'kumachotsa madeyawo pang'onopang'ono. Wofuna magetsi amalekezera pa 3 mpaka 5 peresenti, pamene wofuna bomba amapitiriza kufikira cha pa 90 peresenti. Tsopano tenga pensulo uwerengere wekha. Pofika pa 4 peresenti, tinthu 7 tija timakhala titatsala ndi madeya 168 okha mwa 993 aja. Pofika pa 20 peresenti amatsala 28, pa 60 peresenti amatsala pafupifupi 5, ndipo pa 90 peresenti satsala ngakhale amodzi athunthu. Choncho amene wafika pa 60 peresenti sakhala kuti watsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito monga mmene manambalawo amaonekera, koma amakhala kuti ntchito yonse yolemetsa waimaliza kale. Iran inayamba kuyenga uranium kufika pa 60 peresenti mu Epulo 2021, ndipo pofika mu Meyi chaka chino bungwe la IAEA, limene limayendera malo a nyukiliya padziko lonse kuchokera ku likulu lake ku Vienna, linanena kuti dzikolo linali ndi makilogalamu oposa 400 a uranium wotere. Palibe dziko lina lopanda zida za nyukiliya limene linkayenga kufika pamenepo.

Akuluakulu a ku Tehran amayankha kuti cholinga chawo ndi magetsi, mankhwala ndi kafukufuku, kuti dziko lawo linasaina pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1968, ndiponso kuti Khamenei anagamula mwa chipembedzo kuti zida zotere ndi zoletsedwa. Sizonse zimene amanena zili zabodza. Chipangizo chawo choyamba cha kafukufuku ku Tehran anawapatsa ndi Amereka omwewo mu 1967, pa nthawi imene Shah anali bwenzi lawo. Azondi a boma la America ananena mu 2007 kuti ntchito yopanga bomba lenileni inaimitsidwa mu 2003, ndipo mu Malichi chaka chino anabwerezanso kuti Iran sikupanga bomba. Vuto ndi lakuti munthu wofuna magetsi sabisa fakitale yake. Malo a ku Natanz anaululidwa ndi otsutsa boma mu 2002, ndipo a ku Fordow, okumbidwa m'kati mwa phiri pafupi ndi mzinda wa Qom, anaululidwa ndi atsogoleri a America, Britain ndi France mu 2009. Maganizo anga ndi akuti atsogoleri a Iran akhala akufuna kuima pakhomo penipeni pa bomba, kuti tsiku limene adzaganize zolowa adzangoponya phazi limodzi, ndipo adani awo azidziwa zimenezo.

Uyeneranso kumvetsa chimene chimawachititsa kufuna kuima pakhomopo, ngakhale kuti kumvetsa si kuvomereza. Anthu a ku Iran saiwala kuti mu 1953 azondi a America ndi Britain anathandiza kugwetsa nduna yawo yaikulu Mohammad Mossadegh atalanda migodi ya mafuta m'manja mwa kampani ya ku Britain. Saiwalanso nkhondo ya 1980 mpaka 1988, pamene Saddam Hussein wa ku Iraq anawathira mpweya wapoizoni mayiko akuluakulu akungoyang'ana. Anaona Muammar Gaddafi akusiya ntchito yake ya nyukiliya mu 2003 n'kuphedwa mu 2011, pamene North Korea, imene inaphulitsa bomba lake loyesera mu 2006, palibe amene waiputa. Ndipo ndikuuze mosabisa, ngakhale ukudya nsima ya kumeneko, kuti dziko limene ukukhalalo silinasaine pangano lija, ndipo pafupifupi aliyense amakhulupirira kuti lili ndi zida zake za nyukiliya zochokera ku Dimona, m'chipululu cha Negev chomwecho. Aliyense m'chigawo chimenecho ali ndi chifukwa choopera mnzake, ndipo Mohammed bin Salman wa ku Saudi Arabia ananeneratu mu 2018 kuti Iran ikadzapanga bomba, dziko lake nalo lidzatsatira mwamsanga. Kwa ine choopsa chachikulu chagona pamenepa, pa mayiko angapo oyandikana okhala ndi bomba, onse okayikirana, pamene mzinga umatenga mphindi zochepa chabe kuti ufike.

Panali nthawi imene nkhaniyi inagwidwa bwino. Pa mgwirizano wake ndi mayiko akuluakulu wa mu Julayi 2015, Iran inavomera kusapyola 3.67 peresenti, kusunga uranium woyengedwa wosaposa makilogalamu 300, ndi kulola oyendera a IAEA kulowa m'mafakitale ake ndi makamera awo, posinthana ndi kuchotseredwa zilango za zachuma. Oyenderawo anatsimikiza mobwerezabwereza kuti dzikolo likusunga mbali yake. Mgwirizanowo unali ndi zofooka, chifukwa sunakhudze za mizinga kapena za magulu a zida amene Iran imawathandiza, ndipo zoletsa zina zinali ndi nthawi yothera. Ngakhale zili choncho, pamene Donald Trump anatulutsa America mu mgwirizanowo mu Meyi 2018, ndikuona kuti anataya chinthu chogwirika pofuna chinthu chimene sanachipeze, pakuti 60 peresenti ija inabwera mgwirizano utasweka. Mu Juni chaka chino Israel inaukira Iran pa 13, America inaphulitsa Fordow, Natanz ndi Isfahan pa 22, ndipo nkhondo inaima pa 24. Nyumba ndi makina zinawonongeka kwambiri, koma nzeru zili m'mitu ya anthu, ndipo boma la Iran linayankha ndi lamulo loimitsa mgwirizano wake ndi IAEA, kotero kuti makilogalamu 400 aja oyendera sanawaonenso. Kumapeto kwa Sepitembala zilango za United Nations zinabwezeretsedwa. Ukamamvera nkhani, usamatengeke ndi amene wakuwa kwambiri tsiku limenelo, koma uzifunsa ngati oyendera aloledwa kubwerera ndiponso ngati uranium uja waonedwa. Zimenezo ndi zimene zingakuuze ngati nkhondo ina ili pafupi.

Tsopano ndifike pa mawu amene anandiwawa. Unalemba kuti Asilamu onse ndi amodzimodzi, ndipo unatumiza mawuwo pagulu la banja pamene pali amalume ako a ku Mangochi, omwe anakulipirira fizi ya Fomu 3 ine nditasowa pogwira. Iwo sanayankhe, koma anawerenga. Boma la Iran ndi la atsogoleri achipembedzo a Chishia amene anatenga mphamvu zonse za dziko, pamene Asilamu ambiri a kuno kwathu, monganso a ku Saudi Arabia, Egypt ndi Indonesia, ndi a Chisunni, ndipo maboma a ku Gulf ndi ena mwa amene amaliopa kwambiri bomalo. Ngakhale Ashia enieniwo si onse amene amaliyamikira. Oyamba kuvutika nalo ndi eni dziko. Mu Sepitembala 2022 mtsikana wa zaka 22, Mahsa Amini, anafera m'manja mwa apolisi oyang'anira kavalidwe, ndipo amayi ndi achinyamata a ku Iran, ambiri mwa iwo Asilamu, anadzaza misewu kwa miyezi, ena n'kuwomberedwa, ena n'kunyongedwa. Anthu amenewo anali olimba mtima kuposa ife tonse amene timalankhulira kutali, ndipo mabomba a mu Juni anagwera m'mizinda yawo yomweyo. Dana ndi zochita za boma limenelo mmene ungathere, koma amalume ako uwaimbire foni sabata ino uwapepese, ndipo usadikire kuti ine ndikukumbutsenso.

Za kontirakiti, nayi nzeru yanga. Chimene chingakuvulaze iwe chaka chino kapena chamawa si bomba la nyukiliya, chifukwa kukhala ndi uranium si kukhala ndi bomba lokwanira pamutu pa mzinga, ndiponso atsogoleri a ku Tehran amadziwa bwino chimene chingawagwere atayesa. Chimene chingakuvulaze ndi mizinga wamba, ngati uja unagunda chipatala cha Soroka ku Beersheba pa 19 Juni, kapena zidutswa za mizinga yowomberedwa m'mwamba zimene zimagwera m'minda. Wantchito wa pafamu ndi amene amakhala pambalambanda, kutali ndi nyumba zolimba, ndipo ukumbukire kuti pa 7 Okutobala 2023, pamene Hamas inaukira Israel, ena mwa amene anaphedwa ndi kugwidwa anali antchito a ku Thailand ndi ophunzira zaulimi a ku Tanzania, anthu amene sanali pa mkangano ndi wina aliyense. Unandiuza kuti sairini ikalira muli mu greenhouse ya tomato mumagona chafufumimba pakati pa mizere mutaphimba mutu ndi manja. Pulasitiki sitchinga chitsulo, mwana wanga. Usanasaine chilichonse, ufunse abwana ako kuti pobisalira pa konkire pali pati, ndipo uyende wekha kuchokera kumene mumagona ndi kumene mumagwira ntchito uone ngati mungafikepo pa nthawi imene chenjezo limapereka. Ngati palibe, kapena ngati amakuumirizani kupitiriza kukolola sairini ikulira, usasaine, ngakhale atakuwonjezera malipiro. Tsoka silinunkha.

Pasipoti yako izikhala m'manja mwako, osati mu ofesi ya pafamu kapena kwa amene anakupezera ntchito. Dzina lako ndi malo amene uli zilembedwe ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tel Aviv, imene inatsegulidwa mu Epulo 2024. Foni yako izikhala ndi moto usiku ndipo machenjezo a boma akhale otsegula. Usamatumize kuno ndalama zonse, koma uzisunga zokwanira tikiti ya ndege ndi chakudya cha milungu ingapo, pokumbukira kuti mu Juni bwalo la ndege la Ben Gurion linatsekedwa ndipo ofuna kuchoka ankadzera ku Jordan ndi ku Egypt. Usathawenso pafamu n'kukafuna ntchito ya m'tauni yopanda mapepala, monga achitira anyamata ena, chifukwa munthu wopanda mapepala amaopa ngakhale kupita kuchipatala.

Zonsezi zikakhala m'malo mwake, ine sindikuletsa kuwonjezera chaka chimodzi, popeza ndikudziwa mmene kwacha yagwera ndiponso kuti nyumba yako yafika pa mawindo. Koma usakhale kumeneko chifukwa cha ife. Fizi ya mlongo wako tidzaipeza pogulitsa nandolo, ndipo malata angadikire. Ukaona kuti zokambirana zatheratu, akazembe a mayiko ena akuyamba kuchotsa mabanja awo ndipo makampani a ndege akuimitsa maulendo, usadikire kuti abwana ako akuuze, unyamuke. Undiyankhe za pobisalira paja mwezi uno usanathe, ndipo ngati n'kotheka unditumizire chithunzi chake kuti mayi ako achione.

Ndine bambo ako okukonda,
A Phiri