Mabuku onena za Kéré asamangodzaza zithunzi

A Mkonzi,

Mabuku onena za akatswiri ojambula mapulani a nyumba amakonda kudzaza zithunzi zokongola, koma mmisiri wofuna kudziwa kamangidwe amasowa pogwira. Chitsanzo ndi Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene analandira Pritzker, mphoto yapamwamba ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba, mu 2022. Sukulu ya pulayimale imene anajambula pulani yake ku Gando, mudzi wa kwawo, yomalizidwa mu 2001, ndi ya njerwa zosaotcha, za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Malata anawakweza pa zitsulo, kuwatalikitsa ndi siling'i ya njerwa yokhala ndi mipata, kuti mpweya wotentha uzitulukira pamwamba. Dengalo linapitirira kwambiri makoma. Likafupika, mvula imanyowetsa njerwa zotere n'kuyamba kufumbutuka m'munsi. Kuti mmisiri amvetse kamangidwe kotere, osindikiza mabukuwo aziikamo pulani yoonetsa nyumbayo ngati yadulidwa pakati, pamodzi ndi miyeso yake.

Ine wanu,
Mmisiri womanga, Zomba