Oliza vayolini ku Harare aziyimbakonso nyimbo za olemba athu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhule za nyimbo kuno ku Harare, poti abale kumudziko mukamva za Zimbabwe mumangoganiza za sungura basi. Sindikunyoza sungura ayi, ndi yathu imeneyo, Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria makolo awo ndi ochokera ku Malawi komweko ndipo Chichewa chimamveka mu nyimbo zawo, Macheso yo bass gitala anayamba kutchuka nayo ku Khiama Boys kwa a Zakaria. Koma tauni ino ili ndi zambiri kuposa pamenepo. Oliver Mtukudzi anabadwira ku Highfield mu 1952, ku Mbare kuli Stodart Hall ndi Mai Musodzi Hall komwe agogo athu ankapita atatchena masuti kukamvera ma band nthawi ya atsamunda tauniyi ikadali Salisbury, pomwe munthu wakuda samaloledwa kulowa malo ambiri osangalalira mkati mwa tauni.

Nkhani yanga ndi ya nyimbo zija amati chamber music, za kagulu kochepa, anthu anayi kapena asanu, vayolini awiri, viola ndi cello (abale a vayolini okulirapo), mwina ndi piyano, popanda ma speaker aphokoso komanso popanda woimika manja kutsogolo. Kuno ziliko ndithu, ana amaphunzira ku Zimbabwe College of Music yomwe inayamba mu 1948, ena kumasukulu, ndipo nthawi ya HIFA, chikondwerero cha zaluso chija anayambitsa Manuel Bagorro mu 1999, tinkaziona pafupi. Mwana wa mchemwali wanga amaliza cello, ndiye ma concert awo ndimapita. Mukatenga kapepala ka pulogalamu pakhomo mupeza Mozart, Haydn, Vivaldi, mutembenuze kuseri mupeza Bach, dzina la munthu wa kuno mulibemo olo limodzi. Ana amaliza bwino zedi, sindikutsutsa, koma tifika liti pomvera zolembedwa ndi anthu amene tikuyenda nawo mu msewu wa Samora Machel momwemu?

Wina asandiuze kuti sizitheka. Dumisani Maraire analemba nyimbo ya Mai Nozipo pokumbukira mayi ake, gulu la ku America la Kronos Quartet linaijambula pa chimbale cha Pieces of Africa mu 1992, iye mwini akuliza ng'oma ndi hosho (maseche a zikho) pambali pa mavayolini. Bamboyu anamwalira mu 1999, nyimbo yake azungu akunja akuyimbabe koma ana athu oliza vayolini ambiri ukawafunsa sanaimvepo, amangodziwa kuti anali bambo ake a woyimba uja Chiwoniso.

Ndipo tikanena chilungamo mbira payokha, imene kwanuko mumati sansi, ndi nyimbo ya kagulu kochepa kale kale. Khalani pafupi ndi anthu awiri akuliza mumve. Woyamba amatsogola, Ashona amati kushaura, wachiwiri amalowa mochedwerako pang'ono ndi kumaponya mawu ake m'mipata imene mnzake wasiya, ndiye kutsinhira kumeneko, mpaka khutu limayamba kumva nyimbo yachitatu imene palibe amene akuiliza. Zitsekerero za mabotolo zomangirira pa deze, chikho chachikulu choikamo mbira, zikunjenjemera, wa hosho akugwira nthawi, anthu atatu basi mchipinda chimodzi. Munthu wodziwa kulemba manotsi zimenezi akhoza kuzipereka kwa viola ndi cello, wina kumakodola zingwe ndi chala wina kumakoka uta, osati kungotenga nyimbo ya Tuku (Mtukudzi uja) nkuikutira mavayolini pamwamba ngati shuga wa pa keke monga amachitira ena pa maukwati, ayi, kulemba chatsopano chochokera mmene zida zathu zimayankhulirana.

Apa ndi pomwe ife Achewa a kuno tikugona. Mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga ndi kuliza mbira kapena sansi ngati chuma cha mayiko awiri, Malawi ndi Zimbabwe pamodzi. Gule Wamkulu anamulemekeza kale mu 2005. Ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth, ng'oma za gule zimalira pa maliro ndi pa zikondwerero, amayi akuyimba moyankhana nyimbo zimene makolo anabwera nazo kuchokera ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe akudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Zachinsinsi za kudambwe zikhale komweko, ine sindikunena zimenezo. Ndikunena nyimbo za pamtondo, zotonthozera mwana, za chimtali, zimene agogo akamwalira amapita nazo poti adzukulu ambiri Chichewa chenichenicho chikuwavuta, amayankha m'Chishona. Mwana wodziwa kulemba nyimbo atakhala ndi agogo amenewa masana amodzi ndi foni yojambulira akhoza kutuluka ndi ntchito ya chaka chonse.

China ndi malo. Ma concert amenewa amachitikira kumayadi, ku Avondale, ku Borrowdale uko, amayamba madzulo ndipo pomatha kombi, maminibasi a kuno, zasiya kale kuyenda, wa ku Glen View abwerera bwanji? Kagulu ka anthu anayi sikafuna lole ya zida, kamakwana mu galimoto imodzi cello ali pamiyendo. Abwere Loweruka masana ku holo ya tchalitchi ku Highfield kapena ku Stodart komweko, pa pulogalamu aikepo Mozart wawoyo palibe vuto, koma nyimbo ziwiri zikhale za olemba a kuno ndipo wolembayo aimirire anthu amuone nkhope. Ndalama yolipira wolemba isamasowe pomwe ya maluwa ndi ma drink imapezeka.

Ngati kwanuko ku Zomba kapena ku Blantyre kuli achinyamata amene akulemba nyimbo zotere, a Mkonzi tilembereniko za iwo mu nyuzipepala muno, mwina manotsi awo angatumizidwe kuno ana athu nkuwayesera.

Ine wanu,
Mdzukulu wa ku Ntcheu,
Mufakose, Harare